Chambu cha Amalume ndi Mapazi a Amayi

Kanali kabotolo ka mafuta odzola, kaja kakang'ono kamene mayi aliyense amakatsuka n'kumasungiramo mchere. Koma aka munalibe mchere. Munali zinthu zakuda bii, kukamwa kwake kokulungidwa ndi kansanza kofiira, pamwamba nthenga imodzi ya nkhanga. Amalume anakamangirira kunsungwi n'kuzika pakona ya munda wa mpunga, kudambo la kumunsi kwa Golomoti. Kamphepo kakawomba, nthenga ija inkatembenuka n'kukuloza. Ndikulumbira, inkaloza ine ndekha. Ndikapita uku, nayo uku. Ndikabisala kuseri kwa chulu, ndinkaimva ikundiyang'ana kudutsa m'dothi.

Ndinali ndi zaka eyiti, Sitandade 2, mutu waukulu ngati dzungu, nzeru zake zosadzaza n'kasupuni komwe.

Chaka chino, tisanalembe mayeso a Fomu 4, aphunzitsi a Chichewa anatifunsa tanthauzo la mawu oti kutsirika. Malikisi awiri. Yankho lawo linali lakuti kuteteza chinthu ndi mankhwala achikuda. Basi, atha. Malikisi awiri pa mawu amene anatidyera munda! Ine akanandipatsa mapepala ndikanalemba mpaka inki ya m'boma lonse la Dedza itatha. Kwathu kuno amatsirika chilichonse: nyumba, khola la mbuzi, khanda lisanatuluke panja, golo ya timu tsiku la fainolo, njinga ya kabaza, ngakhale mwamuna kuti asamacheuke akamadutsa pamjigo. Kulonda ndi kwina. Kulonda kumafuna munthu wamaso, wamimba yolira, woti dzuwa limuwotche. Kutsirika ndi kwa munthu amene akufuna kuti chinthu chake chizidzilondera chokha iye akusewera bawo. Ndipo mankhwala otsirikira munda ali ndi dzina lawolawo, chambu. Kabotolo kaja kanali chambu.

Mundawo unali wa agogo, mayi awo a amayi. Agogo atamwalira, amalume monga mwini mbumba anati, "Dambo ili ndikusungirani ine." Kusunga, mawu enanso okoma amenewo. Abambo anali atapita ku Joni mvula yoyamba isanagwe, ndipo foni yawo inkangoyankhidwa ndi mzimayi uja wonena kuti nambala sikupezeka. Mzimayi ameneyo ndinkamudziwa mawu kuposa abambo anga. Ndiye amalume anabweretsa mbewu ndi ng'ombe zolimira, amayi anabweretsa msana. Kufesa mbande, amayi. Kuwokera, amayi, madzi m'mawondo, misundu ikuwayamwa ngati yalipira. Kupalira, amayi. Pangano linali lakuti pokolola adzagawana, koma tsikulo lisanafike palibe wokhudza ngala ngakhale imodzi.

Tsiku lozika chambu amalume anatiitana ana tonse a pamudzi, ndi akuluakulu omwe ankamvetsera chapatali akunamizira kusenda chinangwa. Mawu awo ndimawakumbukira kuposa pemphero la Atate Athu.

"Wakuba muno adzayamba kutupa kuphazi. Zizikwera, zizikwera. Zikafika pamtima, kumbani manda. Ndipo womasula ndine ndekha."

Kenako anandiloza ine. Chambu chimagwira anthu, anatero, koma mbalame sizimva mankhwala. Mbalame zimafuna mwana.

Umu ndi momwe ndinakwerera pachilindo, kansanja ka mitengo inayi kofoleredwa ndi udzu pakati pa munda. Kuchokera pamenepo zingwe zinkapita mbali zonse, zomangirira zitini zokhala ndi timiyala. Ukakoka chingwe, munda wonse unkalira ngati ukwati wa anthu osagwirizana. Ntchito yanga inali kukoka ndi kukuwa, kuyambira dzuwa lisanaumitse mame mpaka litapendeka kumapiri a Dedza. Mpheta zake musamve zonena. Zinali mamiliyoni. Zikadzuka pamodzi kunkada, nkhuku kumudzi n'kuyamba kulowa m'khola. Ukazipirikitsa kuno zikatera uko, ukathamangira uko zabwerera kuno, zikukuseka. Dzuwa la kudambo nalo silinali la masewera, ngakhale mthunzi wanga unkabisala pansi pa mapazi. Mawu anandithera sabata yoyamba, ndinkangolira ngati bakha.

Holide itatha sindinabwerere kusukulu. Aphunzitsi anakumana nane panjira ndili ndi zitini m'manja, anangoti, "Mbalame zomwezo zidzakulembera mayeso." Sanabwerenso kudzafunsa. Theka la kalasi linali m'madambo, akanafunsa angati?

Kunyumba kunali njala. Pano sindikuwonjezera, ngakhale ndimadziwika ndi kuwonjezera. Chimanga chathu cha kumtunda chinapserera mu Febuluwale, ufa wa ganyu unkabwera m'kambale. Tinkadya kamodzi, madzulo, ndipo amayi ankati iwo adya kale kumene anali. Kumene anali kunali kuti? Sindinafunse. Mwana wanjala safunsa mafunso amene angachepetse mbale yake.

Ndiye tsiku lina madzulo kunatulukira phala la mpunga. Mpunga watsopano, wokazinga paphale kuti uume, wosinja mofulumira, mankhusu ena akadali momwemo. Fungo lake lokha likanadzutsa agogo kumanda. Ndinanyambita mbale mpaka maluwa ojambulidwa pansi anafufutika. Amayi anati awapatsa anzawo a kumphakati wa kutchalitchi. Ndinakhulupirira. Patapita masiku atatu, phala linanso. Ndinati anthu a kumphakatiwa ndi oyera mtima, apite kumwamba ndi nsapato zomwe.

Masana aliwonse amayi ankandibweretsera kanthu kudambo, kambatata kaya kachinangwa, m'kadengu kovindikira ndi chitenje. Nthawi imeneyo mbalame zimapuma. Ankandiuza kuti ndipite kukhwawa ndikasambe m'maso, iwo andigwirira zingwe. Tsiku lina ndinabwerera msanga chifukwa kukhwawa ndinapezako ng'azi yaikulu ngati ng'ona. Chabwino, ngati mkono wanga. Nditafika pachulu ndinaima.

Amayi sanali pachilindo. Anali atawerama m'munda, kampeni m'manja, akudula ngala zakupsa, imodzi apa, ina apo, kuti pasaoneke dazi. Ankaponya m'kadengu kaja. Ndipo anali pafupi ndi nsungwi ija, nthenga ya nkhanga ili pamwamba pa mutu wawo, ikuwaloza.

Sindinakuwe. Ine amene ndinkakuwira mbalame tsiku lonse! Ndinabwerera kukhwawa, ndinakhala pamwala, ng'azi ija n'kumandiyang'ana ngati ikudziwa. Nditabweranso ndinapeza amayi ali pachilindo, kadengu kovindikira bwinobwino. "Wasamba?" Ndinati eya.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulonda mpunga. Ndinayamba kulonda mapazi a amayi.

M'mawa akamasesa, maso anga pansi. Akamasinja, maso anga pansi. Sabata yoyamba panalibe kanthu, ndinayamba kuganiza kuti mwina chambu chimadziwa achibale. Sabata yachiwiri, Lamlungu, tikukonzeka kupita kutchalitchi ku Mua, amayi analimbana ndi nsapato zawo za pulasitiki, zija ankavala chaka ndi chaka. Sizinalowe. Anaseka, anati nsapato zafota ndi dzuwa, n'kuvala patapata. Ine ndinayang'ana. Timafupa tija ta m'mbali mwa phazi tinali titasowa. Phazi linali losalala, lonyezimira, ngati mandasi ongochotsa m'mafuta.

Misa yonse sindinamve kanthu. Ndinkangowerenga: phazi, mwendo, bondo, ntchafu, mimba, mtima. Masiteshoni sikisi. Sitima yake yanyamuka kale.

Ndinathyola udzu wautali n'kuyeza mwendo wawo akupuma pamkeka madzulo, ndinamanga mfundo, n'kubisa udzuwo padenga. Patatha masiku anayi mfundo sinakumanenso. Ndinadina ndi chala pamwamba pa phazi, chala chinasiya dzenje loti mungadzalemo chimanga. Amayi anadzidzimuka, "Iwe, ukundifuna chiyani?" Ndinati ndimathamangitsa nyerere.

Ndinayesa zonse zimene mutu wa dzungu ungaganize. Ndinakana phala kuti mwina asiya kudula. Ndinakana kwa mphindi ngati zitatu, kenako ndinadya ndikulira, amayi n'kumati mwanayu ali ndi malungo. Ndinatapa madzi odalitsa pakhomo la tchalitchi m'kachitsekero ka botolo, anatayikira m'njira pafupifupi onse, otsalawo ndinawapaka pa patapata zawo. Mnzanga wina anandiuza kuti mankhwala alionse amasukuluka ukawakodzera. Ndinamwa madzi a m'dambo mpaka mimba inalira ngati ng'oma, ndinapita pansungwi paja, ndinatseka maso, ndinachita. Ndinadikira kuti ndife. Sindinafe, koma mapazi a amayi sanaphwe.

Kuwafunsa amayi sindikanatha. Ndikanayamba bwanji? Kuti amayi ndinakuonani mukuba? Mwana wa kwathu kuno amene anganene zimenezo sanabadwe.

Kenako ndinaona mimba. Amayi anali kusamba kubafa, chitenje chinagwa pa mpanda, ndinapita kukawapatsira. Amayi anga anali owonda ngati bango, nthiti zowerengeka, koma mimba inali itatuluka, yolimba, yozungulira. Masiku onsewo ankamanga zitenje ziwiri, chapamwamba chomasuka, ndiye sindinkaona. Zadumpha mawondo! Zadumpha ntchafu! Kwatsala siteshoni imodzi!

Musandiseke. Kapena sekani, ine ndaseka kale mpaka kuseka kunawawa. Ndinkadziwa kuti mbuzi imakhala ndi bere. Ndinkaona azimayi a mimba zazikulu pamjigo. Koma ankatiuza kuti ana amakagulidwa kuchipatala, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha chotupitsa munthu, chokhala ndi nthenga ya nkhanga. Palibe anandiuza kanthu. Kwathu pakati sipanenedwa. Mzimayi amangoti ali ndi kamutu, anthu n'kumadziwa okha.

Womasula ndine ndekha. Mawu amenewo ndi amene anandithamangitsa.

Ndinasiya zingwe, ndinasiya mbalame zidye mpaka ziphulike. Amalume ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi okala, akusewera bawo ndi azibambo asanu kapena sikisi. Ndinagwada bwinobwino ngati mwana woleredwa, manja pamodzi.

"Amalume, chonde kawamasuleni amayi. Zafika pamimba."

Dzanja la amalume linaima m'mwamba ndi nkhomo zake. Anafunsa kuti ndiwamasule chiyani. Ndinafotokoza zonse, kampeni, kadengu, phala, nsapato za pulasitiki. Bambo wina anatsokomola. Wina anayamba kuyang'ana mango osapsa m'mwamba ngati sanawaonepo chibadwire.

"Anadula kangati?"

Apa ndiye pamene pakamwa pangapa panagwira ntchito yake. Amene amandidziwa amati ndikaona nyerere ndimanena njovu, ndipo sanama. Zoona zake, amayi anadula kanayi, mwina kasanu, timangala tosadzaza lichero. Koma ine ndinaganiza za kuchipatala: ukanena kuti mutu ukuwawa pang'ono amakupatsa kam'bulu kamodzi, ukagubuduka pansi amakubaya jakisoni. Ndinkafuna amalume abweretse mankhwala amphamvu, okwanira, asapungule.

"Tsiku lililonse," ndinatero. "Madengu ndi madengu. Chiyambire Isitala."

Amalume anaika nkhomo zawo pansi mwaulemu, imodziimodzi. Anati ndine mwana wabwino.

Ndinayenda patsogolo pawo ngati ndikutsogolera ambulansi. Azibambo aja anatsatira, panjira anthu n'kumawonjezekera, ana, azimayi ndi mitsuko pamutu, agalu. Pofika kwathu tinali ngati Malawi yense. Amayi anali pakhonde akupeta. M'licheromo munali mpunga.

Sindidzaiwala kuti sanayese kubisa. Anangoika lichero pansi, anayang'ana amalume, anayang'ana gulu, kenako anayang'ana ine. Ine ndinamwetulira. Ndinamwetulira, anthuni! Mano onse panja, ndi magweru omwe.

Amalume sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Analankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata kutchalitchi. Anati iwo asunga dambo la mayi awo kuti mbumba idye, koma mbava ili m'nyumba momwe. Anati mwana sanama. Kenako analoza pansi: "Taonani nokha mapaziwo. Ndinanena kapena sindinanene?"

Anthu anayang'ana. Ana anakankhana kuti aone bwino. Ndipo azimayi onse amene anaima pamenepo, aliyense wa iwo, ankadziwa chimene chinatupitsa mapazi amenewo. Akazi a amalume ankadziwa, ndi iwo amene anawaperekeza amayi kusikelo mwezi wapitawo, ndinamva pambuyo pake. Amalume nawo ankadziwa, mkazi sabisira mwamuna wake zotere. Koma ndani akanatsegula pakamwa? Amayi akananena bwanji za pakati pamaso pa mlongo wawo, pamaso pa azibambo a bawo ndi ana a mamina? Mwambo unawatseka pakamwa, amalume n'kukhala pamwamba pa chitsekerocho. Mayi mmodzi yekha wachikulire anati, "Inu, musiyeni mwanayu, simukuona mmene alili?" Amalume anati akuona, n'chifukwa chake abwera kudzamuthandiza.

Amayi ananena mawu ochepa okha pamaso pa gululo. "Achimwene, mpungawo ndinawokera ndine." Amalume anati palibe akukana, ndipo gawo la amayi latha, adyeratu, madengu ndi madengu. Amayi anati sanali madengu. Amalume anatembenukira kwa ine. Gulu lonse linatembenukira kwa ine. Ndikanabweza, mankhwala akanachepa. Ndinagwedeza mutu kuti anali madengu.

Kumasula kwake kunachitika pompo. Anatuma mwana kukatenga beseni, anathiramo madzi ndi timizu tina totuluka m'thumba la jekete, mwina tinali ta bwemba, kaya. Anauza amayi kuti apondemo. Amayi anayang'ana beseni lija, nkhuku inadutsa, inabwereranso. Kenako anaponda. Anthu akuonerera, amalume anawaza madziwo ndi kanthambi, akung'ung'udza. Ine mtima unakhala pansi koyamba m'masabata atatu. Ndinkaona ngati ndagwira mkango ndi manja.

Anthu atabalalika ndinakhala pafupi ndi amayi kudikira zikomo. Ndinadikira. Anataya madzi aja kuseri, anatsuka beseni, anakoleza moto. Mpunga wa m'lichero amalume anali atanyamula, ndiye anaphika masamba a chinangwa opanda kanthu. Sanandimenye. Mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya, bwenzi zitathera pomwepo. Anangondifunsa kuti zingwe ndasiyira ndani, n'kundiuza kuti mawa ndilawirire, mbalame sizidziwa kuti kwathu kwagwa zotani.

Ndinalondabe mpaka kumweta. Amayi sanapondenso m'mundamo, chakudya ankanditumizira ndi mwana wa oyandikana nawo. Mpunga unapunthidwa, matumba anakwera ngolo, ngolo inadutsa pakhomo pathu osaima. Kwathu kunabwera ndowa imodzi, akuti ya mlonda. Ya ine. Amayi anagwira ganyu yopuntha mpunga wa anthu ena ndi mimba yawoyo, ndipo kulikonse kumene ankapita anthu ankayamba kuyang'ana kumapazi asanapereke moni. Dzina la chambu cha amalume linafika mpaka ku Mtakataka. Anthu ankabwera panjinga kudzapempha kuti akawatsirikire minda, amalume n'kugula jekete yatsopano. Chaka chotsatira dambo analibwereketsa kwa bambo wina wa kutauni, akuti mbumba yosakhulupirika sangaisungire munda. Mpaka pano, ndikamapita kukagulitsa tomato kumsewu, ndimadutsa pamenepo. Muli mpunga wa eni ake.

Koma mapazi sanaphwe. Ine nkhawa inabwerera, ndinkayezabe ndi udzu wanga. Ndinafunsa amalume, anati mankhwala omasula amayenda pang'onopang'ono, makamaka ngati wakubayo anaba zambiri.

Mu Julayi, kukuzizira, amayi anapita kuchipatala ku Mua ndi mayi wachikulire uja, ine anandisiya kwa oyandikana nawo. Anakhalako masiku asanu. Anabwera ndi kamwana kamphongo kofiira ngati mbewa yosenda, kamene lero ndi mlongo wanga wodya ngati chigayo. Anthu anathamangira kukaona mwana. Ine ndinathamangira kumapazi. Timafupa tija tinali titabwerera. Mimba inali itaphwa. Ndinatenga nsapato za pulasitiki pansi pa bedi, ndinawaveka ndekha, zinalowa.

Ndinathamanga mpaka pamtengo wa mango. Ndinagwadanso, manja pamodzi, pamaso pa azibambo omwe aja.

"Amalume, zikomo. Amayi achira."

Bambo wina anaseka mpaka kutsamwa, mnzake anamugunda ndi chigongono. Amalume sanaseke. Anandisisita mutu, anati, "Waona? Ine mbumba yanga ndimaiteteza." Anandigulira nzimbe yathunthu pa okala, yaitali kuposa ine.

Sindinadye panjira ngakhale mfundo imodzi. Ndinaikoka mpaka kunyumba, ndinaithyola pabondo, mbali yakumunsi yotsekemera ndinapatsa amayi. Anali pamkeka akuyamwitsa. Ndinawauza kuti yachokera kwa amalume, ndipo ndawathokoza kale m'malo mwawo, asavutike.

Amayi anayang'ana nzimbe ija nthawi yaitali. Anailandira ndi manja awiri, chifukwa chopatsidwa ndi mwana sichikanidwa. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, mwana ali kubere, anayenda mpaka kukhola la oyandikana nawo, n'kuponyera mbuzi. Anabwerera, anakhala pansi chondifulatira, mapewa akugwedezeka.

Ine ndinaima pamenepo ndi theka langa m'manja, ndikudabwa kuti munthu wamkulu, woti wangopulumuka kumene, angataye bwanji mbali yotsekemera.